Lundazi: Kumene Uthenga Unalowera Chakum'mawa

Mlendo akafika pa boma la Lundazi m'dziko la Zambia, makilomita pafupifupi 180 kumpoto kwa Chipata, amathamangira naye ku Castle Hotel, chinyumba cha njerwa chansanja chimene DC wachizungu, Errol Button, anayamba kumanga chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Nchokongola ndithu, koma pa mbiri ya anthu a kuno chilibe zambiri zonena. Zambiri zili m'matchalitchi.

Chipresibeteriya sichinadzere ku Lusaka ayi. Chinachokera kutsidya kwa malire, ku Embangweni m'dziko la Malawi, kumene m'busa wa ku Scotland, Donald Fraser, ankatumikira pa mishoni ya Loudon, nthambi ya mishoni ya Livingstonia. Kuchokera kumeneko aphunzitsi ndi alaliki achingoni ndi achitumbuka ankayenda wapansi mpaka kutsikira ku Marambo, m'chigwa cha Luangwa, kwa Asenga. Mabuku amakonda kutchula mzungu, koma amene ankagona m'midzi, kufolera sukulu za udzu ndi kuyambitsa ana a, e, i, o, u anali akuda. Mzungu ankabwera kudzayendera ndi kudzabatiza. Mu 1922 mishoni ya Livingstonia inatsegula siteshoni ku Chasefu, kwa Mfumu Magodi.

Kenako kunadza 1964. Mu Ogasiti, ufulu wa Zambia utatsala pang'ono, otsatira a Alice Lenshina a mpingo wa Lumpa, omwe sankamwerana madzi ndi a chipani cha UNIP, anaukira boma la Lundazi napha anthu ambiri. Patangopita masiku owerengeka, a Lumpa a m'mudzi wa Paishuko anaphedwa mwankhanza pobwezera. Chowawa nchakuti Lenshina naye anatuluka mu mpingo wa pa Lubwa, ku Chinsali, mwana wina wa Livingstonia yemweyo. Abusa a nthawiyo anatsala ndi nkhosa zimene zina zinali pamaliro, zina zili ndi magazi m'manja.

Mu 1965 mipingo ya pa Mwenzo, Lubwa ndi Chitambo inalowa mu United Church of Zambia, koma a Chasefu anakhalabe pansi pa Sinodi ya Livingstonia. Ndani angawadzudzule? Chitumbuka nchimodzi, nyimbo nzimodzi, ndipo ambiri ali ndi achibale kutsidya kwa malire a pa Lusuntha. Sinodi ya CCAP ya Zambia inadzabadwa mu 1984, konkuno ku Lundazi, ndipo lero abusa ake amaphunzirira pa Chasefu.

Tauniyi si ya mpingo umodzi. Akatolika anazika mizu ku Lumezi ndi mishoni yawo ndi chipatala, pomwe pakati pa tauni pali mzikiti ndi masitolo a Amwenye, kumene mlimi amagulako katundu akagulitsa thonje kapena mtedza. Mu 2018 boma linadula Chasefu ndi Lumezi kukhala maboma paokha, kotero mishoni ziwiri zakalezi tsopano zili kunja kwa malire a Lundazi.