Chithandizo cha khansa chimadaliranso oyendetsa zipatala

LILONGWE – Makina okhawo a radiotherapy amene dziko la Uganda linali nawo atawonongeka m'chaka cha 2016, odwala khansa ambirimbiri anasowa mtengo wogwira. Makinawo, omwe amapha khansa pogwiritsa ntchito cheza champhamvu, anaikidwa pa chipatala cha Mulago mumzinda wa Kampala m'chaka cha 1995 ndipo anali atagwira ntchito zaka zoposa 20. Ena mwa odwalawo anatumizidwa ku Nairobi, m'dziko la Kenya, ndipo makina atsopano anayamba kugwira ntchito mu Januwale 2018.

Madokotala ndi anamwino analipo nthawi yonseyi. Makina olowa m'malo anali atagulidwa kale, koma chipinda chotetezedwa choikamo makinawo chinali chisanakonzedwe. Vuto linali kayendetsedwe ka ntchito, ndipo nkhaniyi imasonyeza kufunika kwa gulu la anthu limene silitchulidwa kawirikawiri pokamba za khansa: oyendetsa zipatala ndi alangizi amene amawathandiza kukonza mapulani.

Woyendetsa chipatala salemba mankhwala ndipo sapanga opaleshoni. Udindo wake ndi kuonetsetsa kuti ndalama, antchito, zipangizo ndi nyumba zilipo pa nthawi imene wodwala akuzifuna. Pa nkhani ya khansa udindowu umakula kwambiri, chifukwa wodwala mmodzi amadutsa m'manja mwa anthu ambiri: amene amamuyeza koyamba kuchipatala chaching'ono, a ku labotale amene amaunika kachidutswa ka chotupa, dokotala wa opaleshoni, opereka mankhwala amphamvu a khansa, a radiotherapy, komanso osamalira odwala amene matenda awo afika posachiritsika. Pakachedwa pamodzi, chotupa chimapitiriza kukula.

Pafupifupi theka la odwala khansa amafunika radiotherapy pa nthawi ina ya matenda awo. Mayi amene ali ndi khansa ya khomo la chiberekero amalandira chithandizochi masiku asanu pa sabata kwa masabata angapo, ndipo akatswiri amalangiza kuti chonsecho chithe pasanadutse masabata asanu ndi atatu. Magetsi akazima popanda jenereta, kapena mayiyo akasowa pogona pafupi ndi chipatala n'kubwerera kumudzi, mwayi woti achire umachepa. Dizilo wa jenereta ndi malo ogona odwala ochokera kutali ndi nkhani za mu ofesi ya woyendetsa chipatala.

Makinawo nawonso amafuna mapulani a zaka zambiri. Amene amagwiritsa ntchito cobalt-60 amataya theka la mphamvu zake pa zaka zisanu ndi miyezi itatu iliyonse, choncho gwero la chezalo likakalamba wodwala aliyense amakhalitsa pa makina ndipo mzere wa odikira umatalika. Makina amakono otchedwa linear accelerator amafuna magetsi osadukiza komanso mgwirizano ndi kampani yowakonza, umene nthawi zambiri umalipiridwa ndi ndalama zakunja. Ngakhale morphine, mankhwala oletsa ululu waukulu, sagulidwa chisawawa: malinga ndi pangano la mayiko la m'chaka cha 1961, dziko lililonse limapereka chaka ndi chaka chiwerengero cha mankhwala amene lidzafune ku bungwe la International Narcotics Control Board ku Vienna. Chiwerengerocho chikachepa, odwala amavutika ndi ululu.

M'chigawo chino cha Africa ntchito imeneyi yakula pamodzi ndi zipatala za khansa. Dziko la Zambia linatsegula Cancer Diseases Hospital mumzinda wa Lusaka m'chaka cha 2007, mothandizidwa ndi ngongole ya OPEC Fund komanso upangiri wa bungwe loona za mphamvu za nyukiliya la International Atomic Energy Agency. Dziko la Mozambique linatsegula gawo la radiotherapy pa chipatala chachikulu cha Maputo m'chaka cha 2019. Dziko la Malawi, lomwe kwa zaka zambiri linkatumiza odwala kunja, linatsegula chipatala cha boma cha khansa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe m'chaka cha 2025. Mwambo wotsegulira umatha tsiku limodzi, pomwe bajeti yokonzera makina, kugula mankhwala ndi kusunga akatswiri imafunika chaka chilichonse.

Anthu amalowa ntchitoyi kudzera m'njira zosiyanasiyana. Ena amayamba ngati anamwino, madokotala kapena osunga mankhwala, kenaka amaphunzira za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka chuma. Ena amachokera ku maphunziro a zowerengera ndalama, zamalonda kapena zaumoyo wa anthu, ndipo amayamba ndi kuyang'anira malipiro, magalimoto kapena nkhokwe ya katundu pa chipatala cha boma lawo asanakwezedwe kupita ku chipatala chachikulu kapena ku unduna wa zaumoyo. Onsewa amayenera kudziwa kuwerenga ziwerengero, kutsatira malamulo ogulira katundu wa boma ndi kumvana ndi madokotala, omwe kawirikawiri amafuna zambiri kuposa zimene bajeti ingakwanitse.

Njira ina ndi ya ulangizi wa kayendetsedwe ka ntchito. Mlangizi amalembedwa kwa miyezi yochepa ndi boma, chipatala kapena bungwe lothandiza kuti afufuze vuto limodzi, monga chifukwa chimene zotsatira za ku labotale zimachedwera, kapena ndalama zimene zingafunike pomanga gawo latsopano. Chitsanzo chodziwika cha munthu amene anadutsa njira imeneyi ndi Harpal Kumar wa ku Britain. Iye anaphunzira uinjiniya ku Cambridge ndi zamalonda ku Harvard, anagwira ntchito ku kampani ya alangizi ya McKinsey, ndipo anatsogolera bungwe la Cancer Research UK kuyambira m'chaka cha 2007 mpaka 2018. M'chaka cha 2015 anatsogolera gulu limene linalemba ndondomeko ya chithandizo cha khansa ku England. Mwa zina, ndondomekoyo inalimbikitsa kuti munthu woganiziridwa kuti ali ndi khansa adziwe zotsatira pasanathe masiku 28, komanso kuti makina a radiotherapy azisinthidwa akakwanitsa zaka khumi. Kumar si dokotala, koma mfundo zonse ziwirizi zimakhudza moyo wa odwala mwachindunji.

Ngakhale zili choncho, ulangizi uli ndi malire ake. Alangizi, makamaka ochokera kunja, amalipidwa ndalama zambiri, ndipo akapereka lipoti amachoka. Ngati chipatala chilibe woyendetsa wokhazikika amene ali ndi mphamvu ndi ndalama zochitira zimene zalembedwa, lipotilo limangokhala m'kabati. Komanso njira imene inagwira ntchito ku London singakopedwe momwe ilili kumalo kumene wodwala amayenda tsiku lonse pa basi kuti akafike ku makina. N'chifukwa chake ulangizi umapindula kwambiri ukasiya luso m'manja mwa antchito a pa chipatalapo.

Kufunika kwa luso limeneli kukuonekeratu m'ndondomeko yothetsa khansa ya khomo la chiberekero, imene bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linakhazikitsa m'chaka cha 2020. Ndondomekoyi imafuna kuti pofika 2030, atsikana 90 mwa 100 alionse akhale atalandira katemera wa HPV pofika zaka 15, amayi 70 mwa 100 alionse ayezedwe pofika zaka 35 ndiponso kachiwiri pofika zaka 45, ndipo amayi 90 mwa 100 alionse opezeka ndi vutoli alandire chithandizo. Mayiko a kum'mwera kwa Africa, kumene kachilombo ka HIV kamawonjezera chiopsezo cha khansayi, ali m'gulu la mayiko amene akhudzidwa kwambiri pa dziko lonse.

Katemera, zida zoyezera ndi chithandizo cha khansayi zilipo kale. Kuti ziwerengerozo zikwaniritsidwe pakufunika mafiliji osungira katemera, kaundula wotsata mayi aliyense amene wayezedwa, galimoto zonyamula zoyezedwa kupita ku labotale, ndi makina amene akugwira ntchito tsiku limene mayiyo wafika. Mayiko amene akuphunzitsa madokotala a khansa ayenera kuphunzitsanso anthu amene adzayendetse ntchito zimenezi.