Nkhokwe ya pakhomo ndi nkhokwe ya kumtambo

Ukachoka m'tauni ya Lilongwe kulowera ku Mchinji, usanafike pa Mpingu ndi pa Msundwe, umadutsa pa malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, omwe adatsegulidwa mu 1948. Alimi ambiri amawadziwa chifukwa cha mtedza wa CG7 ndi wa Nsinjiro. Koma pomwepo palinso nkhokwe ya mbewu za dziko lino. Njere za mapira, mawere, nzama, khobwe ndi chimanga cha makolo amaziumitsa bwino, kuzimatira m'timapaketi, n'kuzisunga m'mafiriji ozizira kwambiri. Chomwe chimandikoka mtima n'chakuti akatswiriwa sadakhulupirire mafiriji awo okha. Gawo la mbewuzi amalitumiza ku nkhokwe ya maiko a SADC yomwe ili pa Chalimbana, kufupi ndi Lusaka. Zogwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku zili pafupi, zodzapulumukira zili kutali.

Funso lomwelo la zosunga pafupi ndi zosunga kutali lafika tsopano kwa ogulitsa zipangizo zaulimi pa Namitete, makopaletivi a ku Nsaru ndi ku Kabudula, ndi makampani ang'onoang'ono ochulukitsa mbewu. Mabuku a ndalama, mayina a alimi, ngongole za feteleza, kaundula wa matumba osungidwa, zonsezi zili m'kompyuta masiku ano. Ena akuti zisamutsidwire zonse ku cloud (kumtambo), kutanthauza makompyuta akuluakulu a makampani ngati Microsoft, Amazon ndi Google, omwe umawafikira pa intaneti n'kumalipira mwezi ndi mwezi. Ena akuti kuphatikiza ndiko kwabwino: zina zikhale pa seva kapena kompyuta ya pa ofesi, zina kumtamboko.

Osamutsa zonse ali ndi mfundo zolemera. Ndidaonapo kopaletivi ina itataya kaundula wa zaka zitatu usiku umodzi. Akuba adathyola zenera n'kunyamula laputopu, ndipo kafulashi komwe mlembi ankasungirapo kope lachiwiri kadali m'chikwama chomwecho. M'mawa mwake amayi adadzaza pakhonde ndi timapepala ta malisiti, ena tofufuma ndi mvula, kuyesa kukumbutsana kuti wakuti adapereka matumba angati a soya. Zikadakhala pa cloud, mlembi akadangobwereka foni n'kutsegula. Seva ya pakhomo imaopa mphezi, fumbi la mu Okutobala, kuthimathima kwa magetsi ndi mbava za pa intaneti, ndipo ngakhale mabungwe akulu sapulumuka: mu February 2024 Pulezidenti wa nthawiyo Lazarus Chakwera adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti adalowereredwa, ndipo anthu adadikira masabata ambiri. Makampani a cloud ali ndi akatswiri ochuluka olondera makina usana ndi usiku, zomwe sitolo ya pa Nambuma singakwanitse. Komanso mtambowo wayandikira. Microsoft idatsegula malo ake ku South Africa mu 2019, Amazon ku Cape Town mu 2020, Google ku Johannesburg mu 2024.

Vuto lili pa msewu wopita kumeneko. Dziko lathu lilibe nyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadzera m'maiko oyandikana nawo isanafike ku zingwe za pansi pa nyanja. Mu May 2024 zingwe za EASSy ndi Seacom zidaduka kufupi ndi gombe la South Africa, ndipo intaneti idayamba kukwawa kuno, ku Tanzania, ku Mozambique mpaka ku Kenya. Zimenezo n'zapatalipatali. Zatsiku ndi tsiku ndi netiweki yomwe imathawa nsanja ikatha mafuta a jenereta, kapena bandulo kutha pakati pa ntchito. Amene adagulako feteleza wa AIP m'chaka choyamba, 2020, akukumbukira: chiphaso cha unzika chili m'manja, ndalama ili m'chitenje, matumba aunjikidwa kuseri kwa kauntala, koma wogulitsa akungokweza foni m'mwamba kusaka netiweki. Anthu ena adagona pa depoti. Palibe chidasowa pamalopo kupatula chilolezo cha kompyuta yomwe idali kutali.

Apa ndi pomwe ine ndimaima nthawi yaitali, chifukwa malonda a zaulimi sayenda mofanana chaka chonse. Wogulitsa mbewu amapeza gawo lalikulu la ndalama zake m'masabata ochepa a Novembala ndi Disembala, mvula yoyamba ikangogwa. Nthawi yomweyo ndi yomwe mphepo imagwetsa mapolo ndipo zinyalala za mu Shire zimatseka makina a magetsi. Namondwe Ana atawononga Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Ola limodzi lopanda malonda mu Juni n'lopiririka. Mu Novembala mlimi sadikira, amawoloka msewu kukagula kwa mnzako. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Pulogalamu yolembera malonda, mitengo ya katundu ndi mndandanda wa omwe ali ndi ngongole ziyenera kutseguka ngakhale foni ikulemba kuti palibe netiweki.

Pa ndalama, mbali zonse ziwiri zimaluma, kungoti mosiyana. Cloud kawirikawiri imalipiridwa m'madola. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, dola idachoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene ankalipira madola 100 pa mwezi adagona ali ndi bilu ya K118,000 n'kudzuka ili K170,000, osawonjezerapo ntchito iliyonse. Ndiye pali kuvuta kwa ndalama zakunja, khadi la ku banki kukana kulipira tsiku lomwe akaunti ikutsekedwa. Seva, mabatire, invata ndi sola nazonso zimachokera kunja, koma ukagula wagula, ndipo zimakutumikira zaka zingapo. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama yoyambira ndi yaikulu, ndipo batire ikafa imafa osatsanzika.

Pali za malamulonso. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, lomwe MACRA ikuyang'anira, lili ndi zoyenera kutsata potumiza kunja mbiri za anthu ngati manambala a ziphaso. Boma nalo lidatsegula malo ake osungira deta ku Blantyre mu 2022. Intaneti ya Starlink itafika mu 2023 maofesi ena akumudzi adapuma, ngakhale kuti nayo imafuna magetsi ndi malipiro a mwezi.

Kuphatikiza kuli ndi mtengo wobisika womwe okuyamikira satchula kawirikawiri: kumafuna munthu. Nkhokwe ziwiri ndi makiyi awiri, ndipo wina ayenera kuonetsetsa kuti zomwe zili pa ofesi zikufanana ndi zakumtambo. Nthambi ya ku Kabudula ikagulitsa matumba khumi netiweki kulibe, pomwe ku likulu nawo agulitsa matumba omwewo pa kompyuta, pamabuka mkangano wovuta kuweruza. Mnyamata yemwe adalumikiza zonsezo akapeza ntchito ku Area 47 kapena ku Johannesburg, amapita ndi mapasiwedi m'mutu. Choncho kabungwe ka anthu atatu, komwe ntchito yake ndi makalata ndi malipoti, sindingakalangize kugula seva. Kaike zonse pa cloud, kasungenso kope pa hadi diraivi kunyumba kwa msungichuma.

Koma pomwe pali mzere wa anthu pakhomo, sikelo ndi malisiti, ine ndimatsamira ku njira ya Chitedze. Ochita kafukufuku m'midzi adazolowera kale: pa KoboToolbox kapena ODK amalemba mayankho a alimi pa tabuleti tsiku lonse popanda netiweki, madzulo n'kutumiza akafika pomwe ikugwira. Sitolo ingachite chimodzimodzi. Imelo, malipiro a antchito ndi kope lodzapulumukira zikhale kutali, malonda a tsikulo akhale pa kauntala.

Kope lakutali limadzagwiradi ntchito. Nkhondo ya ku Syria itatsekereza nkhokwe ya mbewu ya bungwe la ICARDA kufupi ndi Aleppo, mu 2015 akatswiri adakatenga njere zomwe adasungitsa ku Svalbard, m'dziko la Norway, n'kuyambiranso ku Lebanon ndi ku Morocco. Zidatheka chifukwa njerezo zidali zamoyo. Osunga mbewu amatapa njere zochepa nthawi ndi nthawi n'kuziyesa ngati zikumerabe, ndipo izi ndi zomwe ambiri a ife sitichita ndi mafayilo athu. Mwini sitolo asankhe tsiku limodzi mu Seputembala, feteleza asanafike, atsitse kope lakumtambo pa kompyuta ina, atsegule buku la ngongole, aone ngati dzina lomwe adalemba dzulo madzulo lilimo.