Loweruka pa Table Mountain: ulendo wa ophunzira a ku Cape Town

Yunivesite ya Cape Town inamangidwa m'mbali mwa Devil's Peak, phiri lolumikizana ndi Table Mountain. Ophunzira ochokera kunja, kuphatikizapo a ku Malawi ndi ku Zambia, amaliona phiri la Table Mountain tsiku ndi tsiku popita m'kalasi, ndipo sipatenga nthawi kuti apangane zokalikwera Loweruka lina. Kuyandikira tauni kumeneku ndi komwe kumanyenga ambiri. Nsonga yake, pomwe pali mulu wa miyala wotchedwa Maclear's Beacon womwe unaunjikidwa mu 1865, ili pa mamita 1,086 kuchokera pa nyanja. Kwa munthu amene anafikapo pa Sapitwa, wa mamita 3,002, limeneli lingaoneke ngati chulu chabe, komatu chaka ndi chaka a Wilderness Search and Rescue amatsitsako anthu ovulala ndi osochera.

Njira imene oyamba kumene amakonda ndi Platteklip Gorge, mpata womwe unang'amba phirili chakutsogolo. Zolembedwa zimati António de Saldanha wa ku Portugal anakwerera momwemo mu 1503. Njirayi ndi yosasocheretsa, koma ndi masitepe a miyala okhaokha, mthunzi mulibe, ndipo munthu wamba amatha maola awiri kapena atatu asanatulukire pamwamba. Ina ndi Skeleton Gorge, yoyambira m'munda wa zomera wa Kirstenbosch. Imeneyi imadutsa m'nkhalango yozizira bwino, ili ndi makwerero pamalo ena, ndipo mvula ikagwa imaterera koopsa.

Chimene chimalamula ulendo wonse ndi nyengo. Ku Cape Town mvula imagwa m'nyengo yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, mosiyana ndi zomwe Mmalawi anazolowera. M'nyengo yotentha kumaomba mphepo yamphamvu yochokera kum'mwera chakum'mawa. Mphepoyi imakankhira mpweya wachinyezi m'phiri, mpweyawo n'kuzizira, n'kusanduka mtambo womwe umakuta pamwamba ponse. Amene ananyamuka kukuwala dzuwa, atavala malaya opyapyala, amangozindikira akunjenjemera ndipo sakuonanso njira, pafupi ndi maphompho. N'chifukwa chake juzi ndi jekete ya mvula sizisiyidwa, ngakhale kutacha bwino chotani. Madzi akumwa okwanira, chipewa, nsapato zogwira pamwala ndi foni yodzadza moto ndi zofunikanso. Kuyenda wekha si nzeru, pakuti kupatula ngozi, m'njira zina anthu amaberedwa.

Pamwamba pake ndi pathyathyathya, podzala tizitsamba totchedwa fynbos, ndipo mbira zimaothera dzuwa pamiyala osaopa anthu. Chakumbuyo kuli madamu akale omwe ankamwetsa mzindawu, monga la Woodhead lomwe linamalizidwa mu 1897. Tizitsambati timayaka msanga kukauma. Moto wa mu Epulo 2021 unatsika m'phirimu n'kutentha mbali ya laibulale ya Jagger pa yunivesite yomweyi, choncho lamulo loletsa kusonkha moto ndi loyenera kulitsatira ndithu.

Potsika, ambiri amadalira galimoto yoyenda pachingwe, yomwe inayamba kugwira ntchito mu 1929. Mphepo ikakula imaimitsidwa, ndipo aliyense amene ali pamwamba amatsika wapansi, mawondo atatopa kale. Gulu lodziwa phirili limanyamuka m'mamawa, n'kusunga mphamvu ndi maola okwanira kutsika ndi miyendo dzuwa lisanalowe.