Ndere za pamakungwa zimaulula mpweya umene anthu akupuma

Mu 1866, katswiri wa zomera wa ku Finland, William Nylander, ankazungulira m'munda wa Luxembourg mumzinda wa Paris maso ali pa makungwa a mitengo. Maluwa analibe nawo ntchito. Ankalemba mayina a ndere zouma zija zimamatirira pamakungwa ndi pamiyala, zina zotuwa, zina zachikasu, zomwe asayansi amazitcha lichen. M'mundamo zinalimo ndithu, koma m'misewu yofuka utsi wa malasha zinali zitasowa, ndipo zochepa zotsalako zinali zopinimbira. Apa m'pamene anaganiza kuti ndere zingathe kumuuza munthu ngati mpweya wa pamalo uli wabwino kapena ayi.

Pofika 1896, ngakhale m'munda womwewo ndere zinali zitatheratu pamitengo. Zinadzaonekanso patapita zaka pafupifupi 100, utsi utachepa, ndipo Mark Seaward ndi Marie-Agnès Letrouit-Galinou analemba za kubwerera kwake mu 1991.

Chimene chimachititsa kuti ndere zizivutika ndi utsi chonchi n'kapangidwe kake. Ndere zilibe mizu yoti zisefere madzi m'dothi, komanso zilibe kachikopa konga phula kamene kamateteza masamba a mitengo. Madzi ndi chakudya zimayamwa ndi thupi lonse kuchokera ku mvula, nkhungu, mame ndi fumbi. Siziyoyola masamba ngati mtengo m'chilimwe, choncho chimene chalowa chimakhalitsa. Zambiri zimakula mamilimita ochepa chabe pachaka, ndiye mtengo umodzi umasunga mbiri ya mpweya wa zaka zambiri.

Kwa nthawi yaitali akatswiri ankaziyesa chomera chimodzi. Mu 1867, Simon Schwendener wa ku Switzerland, ataziunika pa maikulosikopu, ananena kuti ndi zamoyo ziwiri zokhala thupi limodzi: fangasi, yemwe ndi m'bale wa bowa, ndi tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso, tachibale ndi ndere za m'madzi. Fangasi amamanga nyumba ndi kusunga chinyontho, tizomerato timapanga shuga ndi kuwala kwa dzuwa. Schwendener sanaone chikondi pamenepo. Kwa iye fangasi anali bwana wodyera thukuta la akapolo. Anzake ambiri anamuseka, ndipo wokana kwambiri anali Nylander yemwe uja, amene anamwalira mu 1899 asanavomereze. Maso amene anaona za utsi wa ku Paris pamenepa anaphonya.

Komabe ntchito yaikulu ya akatswiriwa inali yotopetsa, yopanda chikoka: kusiyanitsa mitundu ndi kuipatsa mayina. Amene anayala maziko ndi Erik Acharius wa ku Sweden, wophunzira wa Carl Linnaeus, yemwe buku lake la Lichenographia Universalis linatuluka mu 1810. Poyamba ankayang'ana maonekedwe. Pali zomatirira gwa pamwala moti sungazimatule osasenda mwalawo, pali zokhala ndi timapiko tonga masamba, ndiponso zolendewera ngati ndevu, monga Usnea imene imakuta nthambi za mitengo ya m'nkhungu paphiri la Mulanje ndi la Zomba. Nylander anawonjezera njira ina imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: kudonthezera kadontho ka potassium hydroxide kapena mankhwala oyeretsera zovala pa ndere n'kuona ngati pasanduka pofiira, pachikasu kapena pangokhala chomwecho. Mndandanda umene Robert Lücking ndi anzake anatulutsa cha mu 2017 unali ndi mitundu yoposa 19,000. Dzina lililonse kwenikweni ndi la fangasi. Tizomera ta mkatimo tili ndi mayina athawokha.

Phindu la mayinawo linaoneka ku Britain. Utsi wosakanikirana ndi nkhungu utapha anthu masauzande ku London mu December 1952, boma linakhazikitsa lamulo la Clean Air Act mu 1956, ndipo panafunika njira zodziwira ngati zinthu zikusintha. Mu 1970, David Hawksworth ndi Francis Rose anasindikiza m'magazini ya Nature muyezo wa magawo oyambira 0 kulekeza 10 wa ku England ndi Wales. Pa 0 khungwa limakhala mbee, popanda kanthu. Kumene mpweya wa sulphur dioxide, wa mu utsi wa malasha, unali pafupifupi mamaikulogalamu 150 pa kiyubiki mita, kunkapezeka Lecanora conizaeoides, kandere kotuwa mobiriwira kooneka ngati ufa womwazika. Koma Lobaria pulmonaria, ya timapiko tikulutikulu, inkafuna malo amene mpweyawo sufika 30. Munthu wodziwa mayina ankatha kuima patsinde pa mtengo ndi kagalasi kokulitsa zinthu n'kunena pafupifupi zimene makina odula akananena. Wosadziwa mayina ankangoona zotuwa basi.

Ku Italy anapita nazo patali. Mu 1997, Cesare Cislaghi ndi Pier Luigi Nimis anajambula mapu osonyeza kuchuluka kwa mitundu ya ndere m'chigawo cha Veneto, n'kuwayerekeza ndi mapu a imfa za khansa ya m'mapapo mwa amuna. Madera osauka ndere ndiwo analinso ndi imfa zambiri. Ndere sizidwalitsa kapena kuteteza munthu. Zimangopuma mpweya womwewo, n'kuyamba ndi izo kuonetsa zizindikiro.

Kuyamwa chilichonse kuli ndi kuipa kwake. Malo opangira magetsi a nyukiliya a Chernobyl ataphulika mu April 1986, mvula inagwetsa caesium-137 m'madera apakati a Sweden ndi Norway. Ndere za mtundu wa Cladonia, zomwe ndi chakudya chachikulu cha nyama za reindeer m'nyengo yachisanu, zinamwa poizoniyo. Chaka choyamba chokha, nyama ya reindeer zoposa 70,000 ku Sweden inaletsedwa kudyedwa, ndipo anthu a mtundu wa Sámi, omwe moyo wawo wagona pa ziwetozi, anavutika zaka zambiri. Ena anayamba kupha ziwetozo nyengo yachisanu isanafike, ena kuzidyetsa chakudya chogula.

Lero nkhani ya ku Ulaya yatembenuka. Utsi wa malasha utachepa, Lecanora conizaeoides yomwe inali ponseponse yasowa m'madera ambiri. M'malo mwake mitengo yavala chikasu cha Xanthoria parietina, yokonda nayitulojeni. Ku Netherlands, Kok van Herk anasonyeza kuti ndere zoterezi zimachuluka pafupi ndi makola akuluakulu a nkhumba, nkhuku ndi ng'ombe, kumene ndowe ndi zitosi zimatulutsa amoniya. Choncho mtengo wodzaza ndere si umboni wa mpweya wabwino. Funso n'lakuti ndi ndere ziti.

Ndipo funso limeneli lalimba chifukwa cha kuyeza DNA. Kwa zaka zambiri, ndere ina yofala m'mapiri a ku Central ndi South America inkadziwika ndi dzina limodzi, Dictyonema glabratum. Mu 2014, Lücking ndi anzake anapeza kuti pansi pa dzinalo panabisala mitundu yosachepera 126, ndipo anayerekeza kuti ingapose 400. Mu 2016, Toby Spribille anafufuza ndere ziwiri za ku Montana m'dziko la America: Bryoria fremontii, yoderapo, imene eni nthaka akhala akudya kuyambira kale, ndi Bryoria tortuosa, yachikasu, yokhala ndi poizoni wotchedwa vulpinic acid. Fangasi wake anali mmodzi, tizomera take tomwetonso. Kusiyana anakupeza m'khungu lake, mmene munali yisiti wamtundu wina, wochuluka kwambiri mwa yachikasu ija. Akatswiri akutsutsanabe za ntchito yeniyeni ya yisitiyo, koma zoti ndere ndi zamoyo ziwiri zokha sizikunenedwanso motsimikiza ngati kale.

Kuno ku Africa, buku la Macrolichens of East Africa, la Dougal Swinscow ndi Hildur Krog, lomwe linatuluka mu 1988, limafotokoza ndere zikuluzikulu za ku Ethiopia, Kenya, Uganda ndi Tanzania. Ku Namibia, pafupi ndi Wlotzkasbaken, kuli zigwa zathunthu za ndere zomwe zimadalira nkhungu ya kunyanja, ndipo mikwasa ya galimoto imene yadutsapo imaonekabe patapita zaka makumi angapo. Koma muyezo wa Hawksworth ndi Rose sungangotengedwa ku England n'kuugwiritsa ntchito ku Blantyre, chifukwa mitengo, mvula ndi ndere zake n'zina. Dera lililonse limafuna mndandanda wakewake, wolembedwa ndi anthu oleza mtima.

Zipangizo zake si zodula. Njira yovomerezeka ku Ulaya imangofuna kafelemu kotalika masentimita 50, kogawidwa timabokosi tisanu ta masentimita 10 mbali zonse. Amakaika patsinde, mita imodzi kuchokera pansi, kumpoto, kum'mawa, kum'mwera ndi kumadzulo, n'kuwerenga mitundu yopezeka m'kabokosi kalikonse. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ana asukulu masauzande ku Britain anawerenga ndere za m'madera awo pogwiritsa ntchito zithunzi za mitundu yochepa chabe, ndipo Oliver Gilbert anasonkhanitsa zimene anapezazo n'kujambula mapu a mpweya woipa a dziko lonselo.