Mafunso Awiri Amene Timafunsa pa Maliro



Pa 23 Julaye 2024, bambo Guntila Muleya anaweruka ku ntchito ku Lusaka koma sanafike kunyumba. Iwo anali mkulu wa bungwe la Independent Broadcasting Authority, limene limapereka ziphaso ku nyumba za wailesi monga ino. Tsiku lotsatira thupi lawo linapezeka ku Njolwe, kunja kwa mzindawo, lili ndi mabala a zipolopolo. Apolisi ananena kuti bambowa anachita kubedwa. Anthu anagwidwa, ndipo ena mwa ogwidwawo anali apolisi. Kugamula mlandu ndi ntchito ya khoti. Ife lero tikufuna tione zimene zimatuluka pakamwa pathu nkhani yotere ikamveka.

Kaya zachitika ku Lusaka, kaya m'mudzi mwathu momwemuno, timafunsa mafunso awiri. Timawamva pa chigayo, pa chitsime, m'minibasi ya ku Mwami, ngakhale pa siwa usiku nyimbo zikaleka. Loyamba ndi lakuti, "Nanga iyeyo ankafunako chiyani kumeneko?" Lachiwiri ndi lakuti, "Bwanji osangowanyonga anthu amenewa?" Tiyeni tiwatenge limodzilimodzi.

Funso loyamba limaoneka ngati lanzeru, koma limachotsa mlandu pamutu pa wakupha ndi kuusenzetsa wophedwa. Akakhala mwamuna timati analowa m'zinthu zosayenera. Akakhala mkazi timafunsa za diresi, za ola limene anatuluka, za galimoto imene anakwera. Kumbukirani za ku Chalala, ku Lusaka komweko. Mu Okutobala 2022 atsikana ndi amayi 13 anapulumutsidwa m'nyumba imene anyamata awiri anawatsekeramo, mmodzi wa iwo atakhalamo pafupifupi miyezi isanu ndi umodzi. Anapezeka chifukwa mmodzi anathawa nakauza anthu oyandikana ndi nyumbayo. Mulungu anawasunga amoyo. Koma ambiri a ife, tisanayamike n'komwe, tinayamba kufunsa kuti ananyengeka bwanji. Mmodzi wa obedwawo anali pa ntchito yake yotumiza ndalama pa foni, ntchito imene ana athu ambiri akugwira m'misika ya kuno.

Ife amene tinakhala zaka zambiri ndi choko m'manja timalidziwa bwino tchimo limeneli. Mwana ankabwera akulira kuti amubera cholembera, ife n'kumukalipira kuti, "Unachisiyiranji pa desiki?" Tikatero mlandu watha, wakuba wapulumuka, ndipo mwana waphunzira kuti mawa akaberedwa asadzanene. Ndi mmene zimakhaliranso ndi akuluakulu. Mayi amene wamva mnzake akunyozedwa pa maliro sadzapita ku polisi akaona munthu akumutsatatsata. Choncho pakamwa pathu pamakhala mpanda wotchinjiriza chigawenga.

Chimatifunsitsa motero ndi mantha. Tikapeza cholakwa pa wophedwayo timagona tulo, poganiza kuti ife sitingachite zimene iye anachita, kotero sizingatigwere. Koma akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mu Marichi 2020, kuno ku Chipata, bambo wina wachialubino anapezeka ataphedwa, ziwalo zina zitachotsedwa. Tinene kuti analakwanji? Anabadwa monga mmene Mulungu anamulengera, basi.

Buku Lopatulika silinabise maganizo ake pa nkhaniyi. Pa Deuteronomo 22:25-27, lamulo limati mkazi wogwiriridwa kuthengo alibe mlandu uliwonse, ndipo limamufanizira ndi munthu amene mnzake wamuukira ndi kumupha. Abwenzi a Yobu anakhala naye chete masiku asanu ndi awiri, ndipo pamenepo anachita bwino. Atatsegula pakamwa kufunafuna tchimo limene linamubweretsera tsoka, Mulungu anawakwiyira, monga tiwerenga pa Yobu 42. Pa Luka 13, anthu anauza Yesu za Agalileya amene Pilato anawapha, ndipo Iye anawonjezapo za anthu 18 amene nsanja ya ku Siloamu inawagwera. Anakana kuti ophedwawo anali ochimwa kuposa anzawo, nauza ofunsawo kuti adziyang'ane okha. Sitikunena kuti tileke kulangiza ana athu za kuyenda usiku kapena kukwera galimoto ya munthu wosamudziwa. Malangizo ndi a amoyo, ndipo malo ake ndi kunyumba. Pa maliro mlandu ndi wa wakupha yekha.

Tsopano funso lachiwiri, la chingwe. Choyamba tidziwe pamene lamulo la dziko lathu laima, chifukwa ambiri timakangana tisakudziwa. Kale khoti linkagamula imfa pa milandu ya kupha munthu, kuukira boma, ndi kuba moopseza ndi mfuti. Ogamulidwa ankasungidwa ku ndende ya Mukobeko ku Kabwe. Omaliza kunyongedwa anali amuna asanu ndi atatu, mu Januwale 1997, pa nthawi ya Pulezidenti Frederick Chiluba. Pulezidenti Levy Mwanawasa ananena poyera kuti sadzasainira imfa ya munthu, ndipo mu 2004 anasintha chilango cha asilikali amene anagamulidwa kuphedwa chifukwa chofuna kulanda boma mu 1997. Mu 2015 Pulezidenti Edgar Lungu anasintha chilango cha akaidi 332 kuti akhale m'ndende moyo wawo wonse. Pa 23 Disembala 2022 Pulezidenti Hakainde Hichilema anasainira lamulo lochotsa chilango cha imfa m'buku la milandu, ndipo mu Febuluwale 2023 akaidi 390 amene ankadikira chingwe anasinthiridwa chilango. Lero wopha munthu akhoza kukhala m'ndende mpaka imfa yake. Anyamata a ku Chalala aja khoti linawapatsa chilango chomwecho mu 2023.

Anansi athu nawonso ayenda njira imeneyi. Mozambique inachotsa chilangochi mu 1990, South Africa mu 1995, Zimbabwe kumapeto kwa 2024. Ku Malawi lamulo likadalipo. Mu 2019 khoti ku Mchinji, tsidya lija la Mwami, linagamula imfa kwa anthu atatu chifukwa chopha munthu wachialubino. Komabe ku Malawi munthu sananyongedwepo chichokere 1992.

Amene amafuna chingwe chibwerere tisawatche ankhanza. Ambiri ndi anthu opemphera amene mtima wawawa. Amatiwerengera Genesis 9:6, pamene mwazi wa munthu ulipiridwa ndi mwazi chifukwa munthu ndi chifaniziro cha Mulungu. Amatikumbutsa Aroma 13, pamene Paulo akuti wolamulira ali ndi lupanga lolangira ochita zoipa. Amafunsa kuti mayi amene mwana wake waphedwa aziona bwanji msonkho wake ukudyetsa wakuphayo nsima. Mafunso amenewa ndi olemera. Ngakhale mpingo wathu wa Anglican, m'mfundo zake 39 za chikhulupiriro zimene zinakhazikitsidwa ku England mu 1571, pa mfundo ya 37 unavomereza kuti malamulo a dziko akhoza kulanga ndi imfa pa milandu yoopsa.

Koma mpingo womwewo unapitiriza kuwerenga ndi kupemphera. Mu 1988 mabishopu athu a dziko lonse lapansi, atasonkhana pa msonkhano wa Lambeth, anapempha maboma kuti apeze njira zina zolangira, zosunga ulemu wa munthu aliyense popanda kutaya chilungamo. Abale athu a Katolika nawonso anasintha katekisimu wawo mu 2018 kuti chilango cha imfa sichiloledwa. Ife tikuona zifukwa zitatu zimene zimatikokera mbali imeneyi.

Choyamba, oweruza ndi anthu ndipo amalakwitsa. Chilamulo cha Mose chomwe, pa Numeri 35:30, chinakana kupha munthu pa umboni wa mboni imodzi. Ife tinakwapulapo mwana pa sukulu ina chifukwa cha ndalama imene inasowa, kenaka ndalamayo inapezeka m'kaundula wathu womwe. Tinamuitana mwanayo ndi makolo ake, tinapepesa. Manyazi tinachita, koma womupepesa analipo. Wonyongedwa molakwika umamupepesa kuti? Kumbukiraninso chaka cha 2020, mphekesera za othira gasi m'nyumba zitafalikira m'dziko muno. Anthu makumi angapo anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya pongowaganizira, ena ali alendo odutsa chabe. Mkwiyo umafuna munthu woti afe, ndipo suchedwa kufunsa ngati ndi yemweyo.

Chachiwiri, taonani mmene Mulungu anachitira ndi wakupha woyamba. Kaini ananyengerera mbale wake kupita naye kumunda, namupha komweko. Mulungu sanafunse kuti Abele anavomereranji kupita. Anafunsa Kaini. Anamva kulira kwa mwazi wa Abele, anamulanga Kaini ndi chilango chowawa, anamuchotsa pakati pa anthu ake, koma anamuika chizindikiro kuti wina asamuphe. Nkhani imodzi yomweyi ikuyankha mafunso athu onse awiri. Wophedwa sanaimbidwe mlandu, wakupha sanasiyidwe, ndipo moyo unatsala m'manja mwa Mwini wake.

Chachitatu, chingwe chimatseka khomo la kulapa. Mose anapha Mwigupto. Davide anakonza imfa ya Uriya. Paulo anavomereza kuphedwa kwa Stefano. Ambuye wathu Iye mwini anaphedwa ndi chigamulo cha boma ali wosalakwa, ndipo pa mtanda analandira chigawenga cholapa. Pa Ezekieli 33:11 Mulungu akunena kuti chimene chimamukondweretsa ndi kutembenuka kwa woipa, osati imfa yake.

Tisamve molakwika. Kukana chingwe si kunena kuti wakupha abwerere kumudzi akalime fodya ngati palibe chachitika. Mlandu suola. Tili ndi ufulu wonse wofuna kuti apolisi afufuze msanga, kuti mboni zitetezedwe, kuti milandu isagone zaka m'makhoti, ndi kuti wopezeka wolakwa akhale kumene sangapwetekenso munthu. Ndipo tisakakamize ofedwa kukhululuka maliro asanatuluke m'nyumba. Kukhululuka kuli ndi nthawi yake, ndipo ndi Mzimu Woyera amene amakubweretsa.

Mafunso awiri aja amafanana pa chinthu chimodzi. Onse ndi osavuta kufunsa, ndipo tikawafunsa timabwerera kwathu ngati tagwira ntchito, pamene wamasiye watsala yekha ndi ana. Funso limene Mulungu anafunsa Kaini, lakuti mbale wake ali kuti, ndi limene limafuna miyendo yathu. Munthu akasowa, tisadikire masiku atatu poopa manyazi a banja. Tiuze amfumu, tipite ku polisi tsiku lomwelo. Ku polisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yothandiza ochitiridwa nkhanza, ndipo lamulo lolimbana ndi nkhanza za pakati pa amuna ndi akazi lilipo chichokere 2011. Ngati tinaona kanthu, tikachitire umboni ngakhale woganiziridwayo ndi mphwathu. Mwana wachialubino wa m'mudzi mwathu asayende yekha popita ku sukulu. A bungwe la amayi ndi la abambo akaone ofedwa mwezi wachitatu ndi wachisanu, pamene anthu onse abalalika ndipo munda ukufuna khasu. Ndipo wina akayamba pa siwa kuti, "Koma nayenso malemuyu," mmodzi wa ife amugwire pa mkono ndi kumuuza mwaulemu kuti, "Abale, pano tabwera kudzalira."

Tipemphere. Mulungu Atate, Inu amene mumamva kulira kwa mwazi wosalakwa, tonthozani mabanja onse amene okondedwa awo anabedwa ndi kuphedwa. Patsani nzeru apolisi ndi oweruza athu kuti choonadi chioneke. Fikirani mitima ya amene ali ku Mukobeko ndi m'ndende zina kuti alape. Sungani milomo yathu kuti isawonjeze bala pa bala, ndipo mutiphunzitse kusunga abale athu akali amoyo. Mwa Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.