Anagona lar imodzi, lero ali kutali: magulu a anthu amene anaphunzira limodzi amayenda bwanji?

Metangula – Maliro akagwa m'mudzi wa m'mbali mwa nyanja, chipepeso choyamba masiku ano sichichokera kwa achibale okha. Ndalama zina zimalowa pa foni kuchokera ku Nampula, ku Beira kapena ku Maputo, kwa anthu amene banja loferedwa silinawaonepo. Akuluakulu akafunsa kuti amenewa ndani, mwana wa pakhomopo amene anapita ku yunivesite amangoyankha kuti ndi anzake a ku lar.

Lar ndi mawu a Chipwitikizi otanthauza nyumba yogonamo ophunzira ochokera kutali. Ku yunivesite amati residência, koma moyo wake ndi womwewo: anthu angapo m'chipinda chimodzi, nsima ya nyemba nthawi zambiri, kubwerekana sopo, nsapato ndi mabuku. Amene anagona limodzi zaka zinayi kapena zisanu amadziwana kuposa anthu amene anangokhala kalasi imodzi. Amadziwa amene amabweza ngongole ndi amene amazemba. Ndi chifukwa chake magulu awo amakhalitsa.

Kwa anthu a boma la Lago, kugona kutali chifukwa cha sukulu si nkhani ya lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, amishoni a Anglican a bungwe la UMCA anali ndi sukulu yosula aphunzitsi ya St Michael's ku Cobué, moyang'anana ndi chilumba cha Likoma, isanasamukire mbali ya Malawi. Sitima ya Chauncy Maples, imene inalowa m'madzi mu 1901, inkayenda m'madoko a mishoni itanyamula aphunzitsi, odwala ndi makalata. Kenako kunatchuka sukulu ya mishoni ya Messumba, imene inaphunzitsa ana ochokera m'midzi yambiri ya m'mphepete mwa nyanja. Nkhondo yomenyera ufulu itayamba mu 1964, ambiri mwa ana a Messumba anamwazikana. Ena analowa Frelimo, ena anathawira ku Likoma, ku Nkhotakota ndi ku Tanzania. Nkhani za mnzako unkazimva kwa wopalasa bwato kapena kwa wansembe woyendayenda, mwina patapita chaka.

Ufulu utabwera mu 1975, ulendo unatalika. Kuyambira mu 1977 boma linkatumiza ana ku Cuba, ku chilumba cha Isla de la Juventud, ndipo mu 1982 ana pafupifupi 900 anapita ku Stassfurt ku East Germany. Wofuna digiri m'dziko muno ankayenera kupita ku Maputo, ku Universidade Eduardo Mondlane, mtunda woposa makilomita 2,000 pa msewu kuchokera ku Lichinga. Mwana wa ku Maniamba kapena ku Lunho akalowa m'nyumba zogona za Self kapena Tangará, sankabwera kwawo tchuthi chilichonse. Anzake a m'chipinda ndiwo ankakhala abale ake. Nthawi ya nkhondo imene inatha pa 4 October 1992, makalata ankasowa m'njira, ndipo uthenga wa maliro nthawi zambiri unkadalira wailesi.

Lero yunivesite inayandikira. Universidade Lúrio ili ndi nthambi ya zaulimi ku Unango m'boma la Sanga, ndipo Universidade Rovuma, imene inakhazikitsidwa mu 2019 kuchokera ku Universidade Pedagógica, imaphunzitsa ku Lichinga, ulendo wa makilomita oposa pang'ono 100 kuchokera ku Metangula. Koma akamaliza maphunziro amamwazikanabe. Mphunzitsi amatumizidwa ku Mecula, namwino ku Cuamba, mlangizi wa zaulimi ku Mandimba, wina amatsala ku Nampula kufunafuna ntchito.

Chimawalumikiza ndi gulu la pa WhatsApp. Kawirikawiri limayamba ndi munthu mmodzi amene anasunga manambala a anzake, n'kuwaitana mmodzimmodzi. Masiku oyamba ndi a zithunzi zakale ndi kusekana za njala ya ku lar. Kenako zimabwera nkhani za moyo: uyu wakwatira, uyu kwabadwa mwana, uyu wasamutsidwa, uyu bambo ake ali m'chipatala. Apa ndi pamene ndalama zimalowa. Ena amasonkha pokhapokha pakagwa vuto, ena amachita xitique, kusonkherana mwezi ndi mwezi kuti aliyense alandire nthawi yake ikakwana. M-Pesa, imene inayamba ku Mozambique mu 2013, pamodzi ndi e-Mola ndi mKesh, zinachititsa kuti ndalama yochoka ku Beira m'mawa ifike ku Metangula dzuwa lisanatenthe.

Mlimi amene sanapondepo ku yunivesite angafunse kuti izi zikumukhudza bwanji. Zimamukhudza kudzera mwa mwana wake. Wodwala akatumizidwa kuchoka ku Metangula kupita ku chipatala chachikulu cha Lichinga, womudikirira amafuna pogona ndi wina womuuza khomo loyenera kugogoda. Nthawi zambiri wothandizayo ndi mnzake wa mwana wa ku lar. Chinangwa chikayamba kupiringizika masamba kapena mbozi zikalowa m'chimanga, chithunzi chojambulidwa m'munda chimatha kufika kwa munthu amene anaphunzira zaulimi ku Unango tsiku lomwelo. Mtengo wa nyemba kapena wa usipa wouma ku msika wa Lichinga kapena ku Cuamba umadziwika ogula asanafike m'mudzi ndi sikelo zawo. Mlimi wodziwa mtengo wa kutauni savomera msanga mtengo woyamba.

Nkhani za ntchito nazo zimadutsa m'magulu omwewa. Boma likalengeza concurso yolemba aphunzitsi kapena a zaumoyo, chikalata chimazungulira pa foni chisanafike pa bolodi la ku boma. Apa pali chilungamo chokayikitsa. Amene ali m'gulu amamva msanga, amene anasiyira sukulu panjira kapena alibe foni ya intaneti amamva masiku olembetsa atatsala pang'ono kutha.

Ndipo si onse amene ali m'gulu amalankhula. Wopeza ntchito amatumiza chithunzi ali mu ofesi. Amene wabwerera kumudzi ndi digiri n'kuyamba kuwedza kapena kulima amangowerenga osayankha, mwina kutuluka mwakachetechete ikafika nthawi yosonkha. Makolo ena amaona zithunzi za anzake a mwana wawo n'kuyamba kumufunsa kuti nanga iye bwanji, osadziwa kuti pa foni anthu amaonetsa suti, ngongole amabisa. Palinso vuto la netiweki. M'midzi ina ya kumpoto kwa Metangula munthu amakwera chitunda kuti uthenga ulowe, ndipo kufupi ndi Likoma ena amadalira TNM kapena Airtel ya ku Malawi, kotero munthu mmodzi amakhala ndi nambala ya +258 ndi ina ya +265. Kumapeto kwa 2024, intaneti ya pa foni itachepetsedwa nthawi ya zionetsero za pambuyo pa chisankho, magulu ambiri anangoti zii, ndipo anthu anabwerera ku kuimbirana ndi ku mauthenga a pa wailesi.

Choopsa chachikulu ndi akathyali. Gulu limene anthu amakhulupirirana ndi munda wabwino kwa wakuba. Amaba akaunti ya WhatsApp ya munthu mmodzi, kawirikawiri pomunyengerera kuti awatumizire manambala 6 amene alowa pa SMS, kenako amalembera anzake onse m'dzina lake kuti mayi adwala mwakayakaya, ndalama zitumizidwe pa nambala ina chifukwa yake yavuta. Chinyengo chomwechi chimafikanso kwa makolo kumudzi, uthenga wonena kuti mwana wagwidwa kapena akufuna ndalama ya mayeso lero lomwe. Mawu akuti "lero lomwe" ndi nambala yachilendo ndizo zizindikiro zake.

Magulu amene akhalitsa anaphunzirapo kanthu. Ndalama zimapita kwa msungichuma mmodzi wodziwika, amene amalemba poyera dzina la aliyense wosonkha ndi kuchuluka kwake. Uthenga wa maliro kapena matenda umatsimikizidwa poimbira foni mwini wake kapena m'bale wake ndalama isanatuluke. Makolo nawonso angachite chimodzimodzi: mwana asananyamuke kupita ku Lichinga, ku Unango kapena ku Nampula, asiye pakhomo manambala a anzake awiri ogona nawo chipinda chimodzi, olembedwa pa pepala osati m'foni mokha. Potumiza ndalama pa M-Pesa kapena e-Mola, dzina la wolandira limaoneka, ndipo ngati si la mwanayo kapena la mnzake wodziwika, ndi bwino kuima kaye n'kuimbira mmodzi mwa awiri aja.