Aliko kapena kulibe? Mkangano wa za Mulungu pa msika wa Limbe

Ndinapita ku msika wa Limbe kukafuna nsapato za kaunjika, koma ndinapeza anthu ataunjikana ngati pagwa ngozi. Kani ndi mkangano: kodi Mulungu aliko?

Anauputa ndi mnyamata wina wogulitsa matchaja a foni. Iye ati anasiya kupemphera mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe. Anthu oposa 1,000 anafa m'dziko muno, ndipo mmodzi mwa iwo anali kamwana ka mlongo wake.

"Kanalakwanji kamwanako, amayi?" iye anafunsa mayi wa Mvano wogulitsa tomato.

Mayiwo nawonso ndi a ku Chilobwe konko. Ati matope anadutsa pafupi ndi khomo lawo koma nyumba osaikhudza. "Mwana wanga, ine ndi ana anga tili moyo. Anatipulumutsa ndani?"

Apa ndiye pagona vuto, anthuni. Umboni wa onse awiri ndi matope omwewo. Wina akuwerenga amene anapulumuka, mnzake akuwerenga maliro. Mayi akatchula vesi, mnyamata akuti bukulo analemba ndi anthu. Mnyamata akati ndionetseni, mayi akuti mphepo unaionapo? Bambo wina wachisilamu anafunsa ngati dzuwa linadzipanga lokha. Mnyamata osachedwa: nanga Mulunguyo anamupanga ndani? Mtengo wa chimanga tikakangana timakafunsa kwa wogulitsa, nkhani n'kutha. Nanga iyi tikafunse kuti?

Ine ndimapemphera, koma yankho la kamwana kaja ndinalibe, ndiye ndinangoti chete.

Chinandiwawa n'chakuti bambo wina anayamba kukuwa kuti mnyamatayo ndi wasataniki, anthu asamamugule. Zimenezo ayi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 2 mwa 100 alionse m'Malawi alibe chipembedzo, ndipo gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994 limapatsa aliyense ufulu wa maganizo ndi chikhulupiriro. Winawe ukamulanda makasitomala, sindiye kuti wamuyankha.

Amene anamuletsa bamboyo ndi mayi wa tomato yemwe uja. Ati mwanayu ali pa chisoni, musiyeni. Kenaka anamuuza mnyamatayo kuti Lachinayi akamupempherera. Iye anayankha kuti asadzivute, n'kuwathandiza kusenza dengu.